Ichi Chakoma, Ichi Chakoma

Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pusiyo sanagwe ndi njala, ndipo zipatso zimene ankathyola sizinali zowola ayi. Zonse zinali zakupsa, zonse zokoma. Chinamugwetsa n'chakuti dzanja ili linagwira chipatso, ilo linagwira china, miyendo nayo ikutambalukira zina, mpaka panasowa chogwirira nthambi. Mwambi umenewu umandibwerera ndikamamvetsera makiyibodi amene akulira masiku ano m'matchalitchi, m'maukwati ndi m'misonkhano yachitsitsimutso, kuyambira pa Chitakale kukafika ku Limbuli ndi ku Muloza. Zimene zikutuluka m'masipika n'zokoma, chilichonse pachokha. Piyano ndi yokoma, mavayolini ndi okoma, malipenga ndi okoma. Koma zonsezi zikamalira pamodzi, nyimbo yeniyeniyo yagwira pati?

Ndinene msanga kuti chida chimenechi ndimachikonda, ndipo ndimalemekeza anyamata ndi atsikana amene amachiyimba. Ambiri sanapondeko kusukulu ya nyimbo. Anaphunzira ataima kumbuyo kwa mnzawo, maso pa zala, kudikira kuti mapemphero athe nawonso agwireko pang'ono jenereta isanazimitsidwe. Mpingo wa anthu othyola tiyi ku Lujeri kapena ku Ruo sungakwanitse kugula magitala atatu, ng'oma zachizungu ndi malipenga, n'kupezanso anthu oziyimba Lamulungu lililonse. Koma kiyibodi imodzi anthu amasonkherana n'kugula ku Limbe, kapena mwana wa mumpingo momwemo amene ali ku Joni amaitumiza pa basi. Kumene kwafika magetsi, kaya a sola, kaya aja a ku Bondo amene bungwe la MEGA limapanga ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, kiyibodi imafikanso. Yapatsa mipingo yaing'ono ndi mabanja osauka chisangalalo chimene kale chinali cha okhawo otha kuitana bandi.

Kiyibodi imene ndikunenayi ndi ija yodziyimbira gulu lonse, imene opanga amaitcha arranger. Dzanja lamanzere likagwira makiyi atatu a chord, makinawo amazindikira chord yagwidwayo n'kuyamba kuomba ng'oma, kukoka bezi, kukhwatcha gitala molingana nayo. Ukasintha chord, gulu lonse losaonekalo limakutsata. Kayimbidwe ka gulu limeneli kamatchedwa sitayilo, ndipo pa makiyibodi akuluakulu a Yamaha, sitayilo imodzi imakhala ndi zigawo 8: ziwiri za ng'oma, chimodzi cha bezi, ziwiri za ma chord, chimodzi cha mawu okoka akumbuyo, ndi ziwiri za timawu tokometsera. Dzanja lamanja nalo lili ndi mawu ake, ndipo ukhoza kusanjikiza awiri kapena atatu pa kiyi imodzi, kuti ukadina piyano, mavayolini alire nayo limodzi. Munthu mmodzi, zala khumi, koma m'masipika mukumveka anthu oposa khumi.

Kale zimene kampani yaika m'katimo ndizo zinali zako mpaka kiyibodi itafa. Lero mawu amathiridwa. Yamaha ili ndi pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Yamaha Expansion Manager. Umatenga fulashi, kukoperamo kafayilo kofotokoza kiyibodi yako, kupita nako pa kompyuta, kusankha mapaki a mawu ndi masitayilo amene ukufuna. Pulogalamuyo imawamanga mtolo umodzi, iwe n'kubwerera nawo kukauthira mu kiyibodi. Umu ndi mmene zimayendera pa PSR-S670, S770 ndi S970 zimene zinatuluka mu 2015, pa SX700 ndi SX900 za mu 2019, komanso pa SX600 ya mu 2020. Makiyibodi a Korg a mtundu wa Pa nawo amalandira mawu ndi masitayilo ochokera kunja mwa njira yawo.

Njira ina ndi ya laputopu. Kuyambira mu 1983 zida zamagetsi zoyimbira zili ndi chiyankhulo chimodzi chotchedwa MIDI. M'chingwe cha MIDI simuyenda mawu. Mumayenda uthenga wokha: kiyi yadinidwa ndi iti, yadinidwa mwamphamvu bwanji, yasiyidwa liti. Uthengawo ukafika mu laputopu, pulogalamu ngati Kontakt ya kampani ya Native Instruments ya ku Berlin, kapena zina zolowetsedwa mu FL Studio, imauyankha ndi mawu ake. Kampani ya Steinberg itatulutsa VST mu 1996 inatsegula njira yoti mapulogalamu otere azilumikizana, ndipo lero alipo ochuluka zedi. Choncho mnyamata wa pa Nkando akadina kiyi imodzi, piyano ya m'kiyibodi imalira, ndipo pamwamba pake pamalira mavayolini amene anajambulidwa m'nyumba yoyimbira ya ku Ulaya.

Ndipo zinthuzi zimayenda. Zimayenda pa WhatsApp, zimayenda pa fulashi m'thumba la malaya. Mapemphero akangotha umamva wina akuti, "Achimwene, mundiponyereko sebene ija munayimba pa chopereka." Sebene ya ku Congo, sungura ya ku Zimbabwe, bezi yogunda pachifuwa ya amapiano a ku South Africa, nyimbo zotamanda za ku Nigeria, rege ya ku Balaka, zonse zimakumana mu fulashi imodzi yosaposa chala.

Sindili m'gulu la amene amati chochokera kunja chilichonse chimaononga. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Mulanje ndi boma limene lakula ndi alendo. Tiyi amene waphimba m'tsinde mwa phiri anayamba kudzalidwa kuno m'ma 1890. Makolo a Alhomwe ambiri anawoloka kuchokera ku Mozambique m'zaka zomwezo ndi zotsatira, atasenza magule awo pamodzi ndi katundu. Pa nyimbo ndiye osanena. Banjo sinabadwire kuno, koma Alan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona, anaigwira ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band mpaka inayamba kulira Chilhomwe. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anatenga kwela, nyimbo ya m'matauni a kum'mwera kwa Africa, n'kuipatsa kayendedwe kawokawo kamene kanakamveka mpaka ku Ulaya. Ku Balaka, Paul Banda ndi Alleluya Band imene inayamba mu 1978 anatenga rege ndi makiyibodi n'kuumba kamvekedwe kamene Mmalawi aliyense amakazindikira nyimbo ikangoyamba.

Onsewa analandira kalumo kamodzi kapena tiwiri. Anakhala nako zaka, kukanola, kumetera, kudzicheka nako, mpaka dzanja linazolowera. Mnyamata wa lero walandira timalumo chikwi tsiku limodzi. Alibe mpata wokhala ndi liwu limodzi mpaka alidziwe pamene limakomera ndi pamene limaipira, chifukwa sabata yamawa kubwera paki ina. Apa m'pamene pusi amayambira kutambalula miyendo.

Makinawo nawo ali ndi manja owerengeka. Kiyibodi iliyonse ili ndi malire a mawu amene ingatulutse nthawi imodzi. PSR-E373, imene oyamba kumene ambiri amaphunzirira, imafika 48. S670 ndi S970 zimafika 128. Chiwerengero chimenechi chimaoneka chachikulu mpaka utayamba kuwerenga. Chord ya makiyi anayi, ukasanjikiza mawu awiri, yadya 8. Mawu ena okoma kwambiri amakhala osanjikiza kale m'kati mwawo, ndiye amadya kuposa apo. Phazi likaponda pedulo yokokera, mawu akale samachoka pamene atsopano akulowa. Zigawo 8 za sitayilo nazo zikudya mbale yomweyo. Malire akakwana, kiyibodi siikuuza. Imangodula ena mwa mawu amene anali kulira kuti atsopano apeze malo, ndipo womvetsera amangomva kuti penapake pabooka, osadziwa kuti pabooka pati.

Malo osungira mapaki nawonso ndi ochepa. S670 ili ndi MB 32, S970 ili ndi MB 512, SX900 ili ndi GB imodzi. Ukamathira mtolo watsopano, wakale umafufutika, ndiye zonse zimene ukufuna kukhala nazo uyenera kuzimanga pamodzi usanathire. Ntchitoyi imatenga kanthawi, ndipo magetsi akathima ili m'kati, umayambiranso. Amene amagwiritsa laputopu ali ndi mavuto awo. Laputopu imafuna kanthawi kuti ilandire uthenga, ikonze mawu, iwatulutse. Kawirikawiri imagwira ndi tizidutswa ta mawu 44,100 pa sekondi, ndipo imatitola m'magulu. Gulu likakhala la tizidutswa 256, kuchedwa kwake ndi pafupifupi mamilisekondi 6, khutu silidandaula. Laputopu yofooka imafuna magulu a 1,024 kuti mawu asamathetheke, ndipo apo kuchedwa kumafika mamilisekondi 23, nthawi imene mawu amatenga kuyenda mamita 8 mumpweya. Piyano ya m'kiyibodi imalira pompo, ya mu laputopu imadza pambuyo, ndipo zala zimayamba kukayika. Onjezani mapulogalamu akuba amene amabwera ndi mavairasi, n'kuima chiimire pakati pa nyimbo ya akwati.

Zonsezi n'zazing'ono, zimatheka kuzikonza ndi ndalama kapena ndi luso. Chimene chimandiwawa mtima chili m'mabenchi.

Matchalitchi athu ambiri ndi a njerwa, pansi pa simenti, denga la malata opanda siling'i. Nyumba yotere imabweza mawu. Liwu lililonse limagunda khoma n'kubwerera, kukumana ndi linzake limene likungotuluka kumene. Mavayolini okoka, ogani ndi mawu ofunda akumbuyo aja amakhala m'dera lomwelo limene mumakhala mawu a munthu woyimba, ndipo sapuma. Munthu amapuma, iwo ayi. Ukasanjikiza atatu otere n'kukweza ampu, mayi amene ali pa benchi lachisanu sadzimvanso yekha. Munthu amene sakudzimva amayamba wakweza mawu, kenako mmero umatopa, kenako amangotsegula pakamwa osatulutsa kanthu, pomaliza amangowomba m'manja. Ndaona zimenezi zikuchitika pang'onopang'ono m'mipingo imene inkadziwika ndi kuyimba. Palibe anawaletsa anthuwo. Anangosowa polowera.

Kuyimba kwathu n'koponyerana. Wotsogolera amaponya, gulu limalandira. Pakati pa kuponya ndi kulandira pamakhala kampata, ndipo m'kampata kameneko ndi mmene mumalowa nthungululu, mmene bambo wa bezi amagwetsera liwu lake, mmene wotsogolera amaonjezera mawu amene sanakonzekere chifukwa mtima wamuuza. Masitayilo ambiri anakonzedwera nyimbo za munthu mmodzi woyimba pa maikolofoni, ndiye pamene woyimbayo wapuma, amaikapo malipenga kapena gitala kuti pasakhale zii. Malo amenewo kwathu kuno ali ndi eni ake. Malipenga akalowapo, gulu lalandidwa pake.

Palinso amayi aja amene ankayambitsa nyimbo. Mpingo uliwonse unali nawo, kaya a Mvano, kaya a m'mabungwe a Katolika, kaya a m'mipingo ina. Ankadziwa kuti m'mawa wa chiperoni mawu a anthu amakhala otsika, ndiye ankayamba pansi. Ankadziwa kuti pa maliro a mwana nyimbo iyenera kuyenda mozengereza, ndipo ndime yomaliza ankaikoka mpaka anthu atulutse zimene zili kukhosi. Lero ambiri amadikira kuti kiyibodi imalize chiyambi chake, iwauze kiyi, iwauze liwiro. Luso limene anali nalo silinalembedwe paliponse, ndipo limatha msanga likapanda kugwiritsidwa ntchito.

Mbewa zikachuluka siziika masa. Iliyonse imati inzake ndiyo ikonze pogona, mapeto ake zonse zigona pa dothi. Mawu osanjikiza mosaganiza amachita chimodzimodzi. Bezi ya sitayilo ikuyenda, dzanja lamanzere laikidwanso piyano yolemera, laputopu nayo yatumiza bezi yachitatu ya amapiano. Mabezi atatu, koma palibe imene yanyamula nyimbo, chifukwa iliyonse ikuphimba inzake ndipo sipika ikungonjenjemera. Pamwamba pali mawu anayi otsogolera, ndipo khutu silidziwa loti litsate.

Chikhalirecho, kusanjikiza mawu ife sitinaphunzire kwa Yamaha. Aliyense amene anakulira kumudzi anaonapo amayi atatu akusinja mu mtondo umodzi. Misi itatu, pakamwa pa mtondo pamodzi, koma siigundana. Uwu ukamatsika, uwo ukukwera, wachitatu uli m'mwamba kudikira. Aliyense amamenya pamene mnzake wasiya, ndipo chimene chimamveka patali ndi kugunda kumodzi kothamanga kumene palibe mmodzi wa iwo angakutulutse yekha. Mangolongondo amayimbidwa motero, anthu awiri atakhala moyang'anizana, wina kulowetsa ndodo zake m'mipata ya mnzake. Tchopa ali ndi ng'oma zitatu zosiyana kukula, iliyonse ndi liwu lake ndi ntchito yake, ndipo ovina makumi awiri kapena atatu amazungulira n'kumapingasana osawombana. Kulemera kwa nyimbo zathu kumachokera m'kusiyirana malo. Batani losanjikizira pa kiyibodi limachita zosiyana: limaika liwu pamwamba pa linzake, pa nthawi yomweyo, pa kiyi yomweyo. Likhoza kunenepetsa mawu, koma silingawalukanitse. Kulukanitsa ndi ntchito ya munthu amene wakhala pa mpandoyo.

Alipo amene amaidziwa ntchito imeneyi, ndipo ukawamva umazindikira msanga. Chala chawo chimapita kawirikawiri pa mabatani ozimitsira zigawo. Ndime ikamayimbidwa amasiya ng'oma ndi bezi zokha, mwina ndi gitala wopepuka. Mavayolini a mu laputopu amawasungira pobwereza, ndipo amawaika m'mwamba, kutali ndi pamene pali mawu a anthu. Gulu likamalandira amachotsa dzanja lamanja pa makiyi. Wotsogolera akayamba yekha, amamufunafuna mwakachetechete mpaka apeze kiyi yake, m'malo momukokera ku kiyi ya makina. Nyimbo ya maliro amazimitsa sitayilo yonse n'kutsata anthu ndi ogani yekha. Mu fulashi yawo mukhoza kukhala mapaki ambirimbiri, koma pa Lamulungu amagwiritsa mawu asanu kapena asanu ndi limodzi amene amawadziwa bwino. Oyimba otere mpingo umawakonda ngakhale sungathe kufotokoza chifukwa chake. Anthu amangoti, "Akakhala pa kiyibodi awowa, nyimbo imayimbika."

Koma sindikufuna kuti nkhaniyi ithere pa kuchotsa. Pali mawu amene ndikulakalaka ataonjezedwa, ndipo mapulogalamu omwewa ndiwo angatithandize.

Mukayang'ana mapaki amene Yamaha inatulutsa mupezamo a ku India, a ku Indonesia, a ku Brazil, a ku Mexico. Tabla ilimo, ng'oma za dangdut zilimo, za samba zilimo. Sizinagwe kumwamba. Anthu anakhala pansi ndi oyimba a kumeneko n'kujambula chida chilichonse. M'makiyibodi amene ndamva m'boma lino ndamvamo Kinshasa, Harare, Lagos ndi Johannesburg. Sindinamvemo ng'oma ya tchopa, bangwe, kaligo kapena chisekese cha kuno. Tikafuna kuyimba chakwathu timabwereka konga ya ku Cuba n'kuitsitsa pang'ono kuti ifanane ndi ng'oma yathu. Chonsecho bungwe la UNESCO linalemba tchopa m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse mu 2014, ndipo mu 2025 linalembanso phiri la Mulanje lenilenilo chifukwa cha chikhalidwe cha anthu olizungulira. Pa Chonde, pamene a Mulhako wa Alhomwe amasonkhana m'mwezi wa Okutobala, ng'oma zimalira tsiku lonse, mtunda wochepa kuchokera pa matchalitchi amene akuyimba ndi konga yobwereka.

Yamaha Expansion Manager imalandira mawu amene wajambula wekha. Ukhoza kulowetsamo mafayilo a WAV, kuwagawira pa makiyi, n'kupanga gulu lako la ng'oma. Pa kiyibodi pomwepo pali Style Creator yopangira sitayilo yako. Malo si vuto. Sekondi imodzi ya mawu ojambulidwa bwino ndi maikolofoni imodzi imatenga pafupifupi KB 88. Tinene kuti ng'oma ndi zitatu, iliyonse ili ndi kamenyedwe kanayi, pakati, m'mphepete, kotseka ndi chikhatho, kwa zala, ndipo kalikonse wakajambula kanayi kuyambira kofewa kufika kwamphamvu. Ndi mawu 48, osaposa sekondi imodzi lililonse, pafupifupi MB 4. Ngakhale S670 ya MB 32 ikhoza kuwanyamula n'kutsala ndi malo a bangwe ndi zisekese. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zimene tikufunafuna pa intaneti usiku wonse n'zokoma ndithu, koma zimene palibe wina aliyense padziko angatipangire zili kuseri kwa nyumba.

Ntchitoyi si yongojambula n'kuthira, ndipo amene angaiyambe adziwiretu. Kiyibodi imagawa okitevu m'magawo 12 ofanana, lililonse masenti 100 pa muyeso wa kukwera kwa mawu. Zida zathu zambiri sizinachunidwe motero. Ulimba wa Asena a ku Nsanje umagawa okitevu m'magawo 7 pafupifupi ofanana, lililonse masenti ngati 171, ndipo woyimba bangwe amachuna zingwe zake molingana ndi mmero wake ndi mmene anaphunzirira. Ukajambula chingwe chimodzi n'kuchimwaza pa makiyi onse, chimene chituluke ndi gitala wachilendo wovala khungu la bangwe. Makiyibodi akuluakulu ali ndi pochunira kiyi iliyonse payokha, kuikweza kapena kuitsitsa pang'ono, ndipo pamenepo mpofunika kukhala ndi mwini chidacho pafupi, azikuuza kuti apa mwafika, apa simunafike. Kagundidwe nako n'chimodzimodzi. Pulogalamu ili ndi batani lowongola, limene limakokera kumenya kulikonse pa mzere wake. Ukalidina pa ng'oma za tchopa zimatuluka zoongoka ndi zakufa, chifukwa moyo wake uli m'timipata tating'ono timene woomba amafulumirira kapena kuchedwerapo dala.

Ndipo ng'oma ndi chinthu chamoyo. Imawambidwa pamoto kuti chikopa chikungike, imamatidwa phula kuti liwu litsike, ndipo m'mawa wachinyezi imalira mosiyana ndi masana adzuwa. Woomba amayang'ana mapazi a ovina. Wovina akasintha, iye amasintha. Chimene chimalowa mu paki ndi kumenya kumodzi kwa tsiku limodzi. N'chifukwa chake sindingakondwe kuona paki ya tchopa ikuchotsa ntchito woomba ng'oma, monga momwe sitayilo yachotsera amayi oyambitsa nyimbo. Pamene woomba alipo, zigawo ziwiri za ng'oma zizimitsidwe, kiyibodi imutsate iyeyo. Paki ndi ya pamene palibe, ya mwana wa ku Mulanje amene akuyimba mu mpingo wa Amalawi ku Johannesburg, ya wojambula nyimbo m'kachipinda ku Ndirande amene akufuna kuti nyimbo yake imveke kumene akuchokera.

Kujambula nyimbo zathu si kwachilendo. Hugh Tracey anayenda ndi makina ake mu Nyasaland m'ma 1950, ndipo zimene anajambula zimasungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954 ndipo lero ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Gerhard Kubik ndi Moya Aliya Malamusi anagwira ntchito yotere kwa zaka zambiri kuchokera ku Chileka. Tiyenera kuwathokoza, chifukwa popanda iwo mawu a anthu ambiri akanapita ndi eni ake kumanda. Komabe zojambula zosungidwa ndi zomvetsera ndi kuphunzira. Paki ndi chinthu china. Imapatsa munthu aliyense mphamvu yoomba ng'oma ya wina, m'nyimbo iliyonse, pamalo alionse, ngakhale m'bala.

Apa mpofunika kudekha. Tchopa amavinidwa pokondwerera zokolola, komanso amavinidwa popereka nsembe kwa mizimu ya makolo pakagwa chilala kapena mliri. Pali akuluakulu amene sangakondwe kumva ng'oma imeneyo ikuperekeza nyimbo yachipongwe, ndipo pali akhristu amene sangakondwe kuimva m'tchalitchi. Onsewo ali ndi zifukwa zawo, ndipo si mnyamata wa laputopu amene angawaweruzire. Lamulo la dziko lino la za umwini wa zaluso la mu 2016 limatetezanso zaluso za makolo, ndipo bungwe la COSOMA lilipo loti munthu akafunseko asanagulitse chilichonse. Koma lamulo lisanafike pali ulemu. Gule ali ndi mwini wake, mudzi uli ndi mfumu yake, ng'oma ili ndi amene anaisema ndi amene amaiomba.

Ndikanakonda paki yotere itakhala ndi dzina la mudzi umene yachokera, ndi mayina a oomba ngati iwo avomera. Oombawo alipidwe tsiku lojambula, ndipo ikadzagulitsidwa gawo lawo liziwapeza. Akati kamenyedwe aka n'ka nsembe, kasalowe, kasiyidwe kunja popanda kukangana. Ikatha kukonzedwa, kiyibodi inyamulidwe kupita nayo kumudziko, eni ake amve ndi makutu awo, anene pamene palakwika isanapite pa WhatsApp, chifukwa ikangofika kumeneko siibwereranso. Zipangizo zake zilipo kale m'boma lino: makiyibodi olandira mapaki ali m'matchalitchi, malaputopu ali ndi ana asukulu, maikolofoni ndi omwewo amene timalalikira. Chatsala ndi kupita kwa a mfumu, kuwomba m'manja, kukhala pansi, kufotokoza bwinobwino chimene paki ili ndi kumene ingakafike, n'kudikira kuti iwo akambirane ndi eni gule, ngakhale yankho litatenga miyezi.